Malire a Gulu Lofiira

9 Febuluwale

Amake Kanyerere,

Moni wanga ukupezeni muli bwino, inu, mwana wathu ndi amayi. Ine kuno ndili bwino. Achimwene alinso bwino, kungoti akundiseka usana ndi usiku. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi ya Lachisanu pamodzi ndi kaphukusi. Musadabwe kuti ndikulemba pamene foni ilipo. Chipinda chathu munachiona pa chithunzi: bedi langa apa, la achimwene apo, pakati kampata kongokwana mapazi. Ndikati ndikuuzeni pa foni kuti ndakusowani, iwo amayankha ali m'bulangete kuti, "Nawonso akusowa, tigone." Ndiye zina ndizilemba.

Nkhani yabwino ndi iyi: andichotsa kokweza matumba m'lole, tsopano ndili ku ofesi ya m'mwamba. Maphunziro a kompyuta aja achimwene ankandilipirira n'kumandikankhira Loweruka lililonse, ine ndikunyinyirika, andipindulira.

Kampani yathu imachapa nsalu za pabedi ndi matawulo a m'mahotela. Pansi pali makina, nthunzi, ndi matebulo aatali a anthu opinda nsalu. Opindawo alipo 60. Aliyense akamaliza mtolo amagunditsa khadi lake pa kabokosi, kompyuta n'kulemba, ndipo manambala onsewo amakwera kwa ife. Amene akundiphunzitsa ndi mayi wina wachikulire, timangowatchula Mayi a Magalasi. Amavala magalasi ena pamphuno, ena pamutu, ndipo theka la tsiku limatha akusakasaka apamutuwo.

Ntchito yanga ndi kusandutsa manambala kukhala chithunzi choti bwana angochiona kamodzi n'kumva. Amachitcha tchati. Anthu 60 sungawajambule aliyense payekha, diso limatopa. Umawaika m'magulu: opinda nsalu 40 mpaka 49 pa ola apa, 50 mpaka 59 apa, ndipo gulu lililonse limakhala kamzati, kutalika kwake malinga ndi kuchuluka kwa anthu ake. Ndinawauza Mayi a Magalasi kuti ntchito imeneyi mkazi wanga amaichita m'mawa uliwonse pa benchi lake la matimati, akuluakulu uku, apakati uku, timatimati tosaoneka uko. Anaseka, akuti mubwere mudzandilowe m'malo.

Desiki langa lili pazenera loyang'ana pansi. Achimwene ndimawaona bwinobwino pa tebulo lachitatu, kadazi kawo kakunyezimira ndi thukuta. Akakweza maso n'kundiona amandimenyera saluti anthu onse akuona. Dzina langa tsopano ndi Kalaliki.

M'phukusimo muli nsapato za Kanyerere, ndagula zokulirapo dala, muikemo thonje. Mulinso mankhwala a maso a amayi. Ndalama ndachepetsako pang'ono mwezi uno chifukwa ndagula mankhwala opaka. Si anga. Achimwene akumasisita phewa lamanja akaganiza kuti sindikuwaona. Mmisiri wa denga uja mumuuze adikire kaye, koma asatitaye.

Ndine wanu,
Bambo a Kanyerere


2 Malichi

Amake Kanyerere,

Ndalandira yanu, ndipo ndasangalala kumva kuti chifuwa cha mwana chatha. Mwati nsapato akugona nazo? Musiyeni, inenso zanga zoyamba ndinagona nazo. Ife tili bwino m'thupi. Mumtima ndiye pang'ono, ndipo zimene ndilembe apazi zithere m'manja mwanu. Amayi asamve, alamu anga, akazi a achimwene, asamve.

Eni kampani akudandaula kuti malole akunyamuka mochedwa. Bwana wathu akuti vuto ndi opinda aulesi. Bwana ameneyu timamutcha Tsamba Limodzi, chifukwa ukampatsa masamba awiri, lachiwiri amaikapo kapu ya tiyi. Makontrakiti a opinda onse akutha mu Juni. Iye akufuna tchati chogawa anthu m'magulu, gulu lapansi lipakidwe zofiira, ndipo ofiirawo sadzawasainitsanso. Adzalemba anyamata atsopano.

Mayi a Magalasi anandikhazika pansi kundionetsa kuti kugawa kuli m'njira zingapo. Ukhoza kudula magulu otalika mofanana, monga ndinakuuzirani muja. Ukhoza kuwandandalika onse, kuyambira wochedwa mpaka wachangu, n'kudula kuti gulu lililonse likhale ndi anthu ochuluka mofanana. Kapena ukhoza kuyang'ana pamene manambala asiyana okha, pamene pali mpata, n'kudula pamenepo. Anthu ndi omwewo, manambala ndi omwewo, koma chithunzi chimatuluka china. Anandiuza kuti, "Mwana wanga, kompyuta imawerenga, koma mpeni umagwira ndiwe."

Tinapita nazo kwa bwana. Sanatilole ndi kumaliza komwe. Anasankha njira yachiwiri chifukwa timabokosi tisanu tofanana timaoneka bwino pakhoma. Anthu khumi ndi awiri m'kabokosi kalikonse, kapansi kofiira.

Ndinabwerera pa desiki, ndinagawa monga ananenera. Malire a gulu lofiira anagwera pa 46. Achimwene ali pa 45.

Ndinayang'ana pazenera, iwo akupinda, akuimba kanyimbo kawo kosatha kaja. Munthu amene anandilera bambo atamwalira, anasiya sukulu kuti ine ndipite, anandiitana kuno n'kundipatsa bulangete lake lokhuthala iye n'kufunda lopyapyala. Ndipo dzanja lopaka utoto wofiirawo ndi langa. Mukudziwanso kuti mwana wawo, Namwino wathu, ali m'chaka chomaliza cha maphunziro ake a unamwino, ndipo zonse zimachokera pa tebulo lachitatu lija.

Tchati chenicheni chidzaperekedwa kumapeto kwa Meyi, ichi chinali choyesera chabe. Nthawi ilipo. Kusiyana kwake ndi nsalu imodzi yokha pa ola. Zoti ndiwauze kapena ayi, mutu wanga sukugwira. Za mu ofesi sizitsika masitepe, ndilo lamulo.

Mafuta ophikira kuno akweranso. Inu musamatenge matimati pa ngongole kwa munthu wa pikapu uja, kumwetulira kwake sindikukukhulupirira.

Wanu nthawi zonse,
Bambo a Kanyerere


23 Malichi

Amake Kanyerere,

Muli bwanji, mayi? Ife tadzuka. Chithunzi chija ndachiona. Mwaonda kapena ndi diresi? Ngati ndi chifukwa chondisowa ndavomera, ngati ndi chifukwa chodumpha chakudya ndakana.

Ndinawauza. Linali Lamlungu masana, titakhala pa masitepe a kuseri. Ndinkawameta, chifukwa masiku ano akuti kagalasi kathu n'kakang'ono. Si galasi ayi, mkono sukufika kumbuyo kwa mutu, koma tonse awiri timanamizira galasi. Lumo lili m'manja, ndinati, "Achimwene, pali nkhani."

"Wapatsa munthu mimba?"

"Ayi, za kuntchito."

Ndinafotokoza zonse, za magulu, za utoto, za Juni. Ndinamaliza kuwameta mbali imodzi ya mutu. Kenako anafunsa kuti, "Ndiye kamzereko kali pati?"

"Pa 46. Inu muli pa 45. Mukafika pa 50 mwatuluka, mwapitirira ndithu."

Anaseka chikhakhali mpaka ndinatsala pang'ono kuwadula khutu. "Zisanu zokha? Iwe Kalaliki, ine ndinkapinda 70 iwe ukuyamwa chala. Ndimadzichedwetsa dala kuti ana asachite manyazi."

Ndinawapempha kuti asauze munthu. Ndinati ntchito yanga ingathe. Anagwira pachifuwa, akuti, "Pakamwa panga ndi loko."

Ndipo akuchitadi, amake Kanyerere. Sabata yoyamba 48, yachiwiri 51. Ndikatsegula kompyuta m'mawa ndimayamba ndi dzina lawo ngati mmene inu mumayambira kuona ngati mwana wafunda. Kanyimbo kaja asiya, akuti kamadya mpweya. Madzulo amafika n'kugwera pabedi ndi nsapato zomwe, ine n'kuwavula. Ndimawapaka mankhwala aja paphewa, iwo akutukwana kuti manja anga afewa ngati a mwana wa bwana. Chipinda chonse chikununkha mankhwala, ngakhale buledi akumveka mankhwala, koma mtima wanga wakhala pansi.

Alamu anga mukawaona muwapatse moni, muwauze kuti amuna awo ali bwino ndipo akunenepa. Mbali yomalizayo ndi bodza, koma laling'ono. Mmisiri wa denga mumuuze kuti mwezi wa Julayi tiyamba. Kanyerere mumupsompsone pachipumi, mumuuze kuti n'zochokera kwa bambo ake, osati zanu, asasokoneze.

Ndine amene mumamudziwa,
Bambo a Kanyerere


20 Epulo

Amake Kanyerere,

Pepani kuti basi zitatu zadutsa popanda kalata. Sindikudwala. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino.

Loko uja anatseguka tsiku lachiwiri lomwe. Achimwene anauza anzawo a pa tebulo lachitatu. Pali bambo wina timamutcha Abusa chifukwa amapempherera ngakhale madzi akumwa, ndi mayi wina, amake Mapasa, amene akulera yekha ana. Awiriwo analinso ofiira. Iwo anauza anzawo, anzawowo anauza anzawo. Nambala ya 50 inayenda pansi ponse.

Ndinayamba kudabwa ndili pazenera. Belu la nthawi yopuma likalira, anthu sakuchoka pa matebulo. Ena akudya ataimirira, dzanja lina likupinda. Kuchimbudzi akupita chothamanga. Nditagawanso magulu sabata yatha, ndinayang'ana pa gulu lofiira. Malire asuntha. Sali pa 46, ali pa 53. Achimwene ali pa 52. Akadali ofiira.

Mundimvetse bwino apa, chifukwa cholakwa ndi changa. M'njira ya bwanayi, gulu lapansi limakhala ndi anthu khumi ndi awiri nthawi zonse. Onse atapinda ngati makina, khumi ndi awiri adzakhalabe pansi. Mzerewo sunalembedwe ndi penti, umayenda ndi anthu. Ine ndinkazidziwa, Mayi a Magalasi anandiphunzitsa. Koma tsiku lija ndi lumo m'manja ndinkangofuna kuwapatsa achimwene chinthu choti agwire, ndiye ndinawapatsa nambala ngati kuti ndi mwala. Ndawathamangitsa anthu 60 kuthamangira chinthu chothawa.

Ndinafika m'chipinda nditapsa mtima. Ndinati, "Achimwene, si ndinati musauze munthu?"

Anandiyang'ana ngati ndayankhula zamisala. "Iwe, mayi uja timadyera pa benchi limodzi. Ana ake amandiitana kuti agogo. Ndikanameza bwanji, ine ndikudziwa iye osadziwa?"

Ndinatenga poto n'kuyamba kuphika.

Nditawauza za 53 sanaseke. Anangoti, "Ndiye tikwera 55." Ndinawapempha kuti achepetseko, iwo akuti ndiyang'ane za kompyuta, za manja ndiwasiyire eni ake. Malaya akumavala moyambira mkono wamanja, pang'onopang'ono, atatembenukira kukhoma. Za kuchipatala safuna kumva. Akuti ukangolembetsa kuti wavulala, dzina lako limadziwika m'mwamba. Ndinati m'mwambamo ndine. Akuti n'chifukwa chake.

Ndalama ndatumiza kudzera pa foni, mwaiona. Mugulireko amayi shuga. Akafunsa chifukwa chimene mwana wawo wamkulu sakuimba, muziti netiweki.

Wanu,
Bambo a Kanyerere


18 Meyi

Amake Kanyerere,

Moni. Ine ndili bwino. Za achimwene sindinganene choncho.

Phewa lija lagonja. Ndinaona ndekha pazenera: anakweza nsalu kuti aikutumule, mkono unangogwa. Anaima pang'ono, anayang'ana uku ndi uku, n'kupitiriza ndi dzanja lamanzere ndi chibwano. Kuyambira tsiku limenelo ali pa 31. Abusa akumawaponyerako mitolo yopindapinda kapitawo akatembenuka, koma sizikukwanira.

Ndinapita kwa Mayi a Magalasi n'kuulula kuti nambala inatsika masitepe ndi ine. Anavula magalasi onse awiri. Sanandikalipire, bola akanandikalipira. Anangoti, "Tiye tione chimene wapanga." Tinadula timagulu ting'onoting'ono kuti tione mmene anthu aimira mwezi uno. Chithunzi chinatuluka chachilendo. Pafupifupi onse aunjikana pamodzi, kuyambira 50 kupita m'mwamba, kusiyana kwawo n'kosaoneka. Kenako pali mpata waukulu wopanda munthu. Pansi pa mpatawo pali atatu okha: wina anapeza kale ntchito kwina ndipo amabwera akafuna, wina amagona kuseri kwa makina oumitsira, wachitatu ndi achimwene.

Mayi a Magalasi anakamuuza bwana kuti kuchotsa khumi ndi awiri n'kutaya anthu asanu ndi anayi odziwa ntchito popanda chifukwa. Bwana anati, "Mundibweretsere tsamba limodzi Lolemba la pa 28, limene mukulikhulupirira. Ndichita zimene likunena." Tsoka lake, mayiwo akukachitidwa opaleshoni ya diso sabata imeneyo. Tsambalo ndikapereka ndine.

Tsopano mverani, chifukwa apa ndi pamene ndagwira njakata. Ndayesa kugawa m'njira zonse, magulu atatu, asanu, khumi. Ndapeza njira imodzi yokha yopulumutsa achimwene. Ndikatsata njira ya bwana ija ya khumi ndi awiri, koma n'kutenga manambala a chaka chonse m'malo mwa mwezi uno, mphamvu zawo za chaka chatha zimawakweza. Amatuluka m'gulu lofiira ndi malo awiri. Koma khumi ndi awiri amapita, ndipo Abusa ndi amake Mapasa ali momwemo, chifukwa chaka chatha anali akuphunzira kumene. Ndikadula pa mpata uja, apita atatu okha, mmodzi wa iwo achimwene. Mayi a Magalasi anaona matchati onse awiri, akuti, "Palibe chabodza apa. Onse ndi oona. Ine sindikusankhira."

Dzulo tikudya, achimwene anaika supuni pansi. Anati, "Kalaliki, kamzere kaja sungakakankheko pang'ono? Mpaka Namwino amalize basi. Ikatha Disembala andichotse, sindidandaula."

Chibadwire changa sanandipemphepo kanthu, ngakhale machesi. Ananena akuyang'ana m'mbale. Ine ndinati ndiona. Chakudya chinandikanika.

Mundiyankhe ndi basi ya Lachiwiri. Ndikufuna mawu anu, ngakhale akhale ondikalipira.

Ndine wanu,
Bambo a Kanyerere


1 Juni

Amake Kanyerere,

Yanu inafika nthawi yabwino, ndipo ndinaiwerenga mpaka inayamba kung'ambika mopinda. Munati ndisankhe m'bale wanga, enawo ali ndi abale awo. Munati amayi sadzandimvetsa. Simunalakwe pa chilichonse. Koma sindinakumvereni, ndipo ndikupempha kuti mumve kwa ine musanamve kwa wina.

Lolemba ndinapita ndi masamba onse awiri m'chikwama. Ndisananyamuke ndinawaona achimwene akumanga lamba ndi dzanja limodzi, mbali ina atapanikiza ndi chitseko. Ndili pa desiki ndinawaona akukweza mtolo ndi bondo. Ndinadzifunsa kuti miyezi isanu ndi umodzi ina ya zimenezi idzasiya mkono wanji. Ndinayang'ananso amake Mapasa akupinda pambali pawo. Sindikudziwa chimene chinalemera kwambiri, phewalo kapena anthu asanu ndi anayi aja. Ndikanama ndikati ndikudziwa. Ndinapereka tsamba la mpata.

Bwana analiyang'ana kanthawi kochepa, akuti, "Atatu okha? Chabwino." Anasaina. Sakudziwa n'komwe kuti mmodzi ndi m'bale wanga.

Sindinadikire kuti amve kwa kapitawo. Ndinawauza madzulo omwewo, tili m'chipinda. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Njira yondisiya inalipo?"

Ndikanatha kunena kuti panalibe. Sakanadziwa mpaka kalekale. Ndinati, "Inalipo."

"Ndiye?"

Ndinatchula mayina a amene akanapita. Ndinatchula phewa. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anati, "Phewa ndi langa." Anagona n'kutembenukira kukhoma.

Kuyambira pamenepo m'chipinda muli zii. Amadya chimene ndaphika, amatsuka mbale yawo, mankhwala akudzipaka okha pamene dzanja likufika. Pazenera sakwezanso maso. Kampata ka pakati pa mabedi kaja sindinadziwe kuti kangatalike chonchi. Ndikumva kuwawa, amake Kanyerere, ndipo sindikudziwa ngati ndinachita bwino. Inunso mukakwiya ndimvetsa, koma musasiye kulemba.

Alamu anga musawauze kanthu. Mwini wake anene yekha.

Wanu,
Bambo a Kanyerere


22 Juni

Amake Kanyerere,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Theka loyamba munandisambitsa chokweza, theka lachiwiri munandifunsa ngati ndikudya. Ndikudya. Ndikhulupirira kuti inu, mwana ndi amayi muli bwino.

Mayi a Magalasi anabwerera ndi bandeji padiso. Tsiku lomwelo anatsika masitepe okha, anawagwira achimwene dzanja lamanzere n'kupita nawo kwa dokotala wa kampani. Mayi amene uja sakanidwa. Dokotala akuti mnofu wa m'phewa unang'ambika, ukapuma miyezi ingapo mkono ubwerera, koma akanapitiriza ukanauma. Sindinanene kuti mwamva, ndipo iwonso sanandiyang'ane. Kampani iwapatsa kangachepe ka kuvulala. Si kambiri.

Za Namwino ndaganiza, ndipo ndikudziwa kuti ndayamba ndaganiza ndisanakufunseni. Zotsala za maphunziro ake tilipira ife. Denga lidikiranso chaka china, mupitirize kutchera mabeseni. Mukafuna kundikalipiranso, pepala lilipo.

Lachisanu lapitali linali tsiku lawo lomaliza. A tebulo lachitatu anasonkherana n'kugula zakumwa. Abusa anapemphera mpaka zakumwazo zinafunda. Amake Mapasa analira, akuti kampani ilibe chisoni, kuchotsa munthu wabwino chonchi. Sakudziwa za masamba awiri aja. Ine ndinali chiimire pa masitepe, mtima uli m'mwamba, kudikira kuti achimwene anene. Anangomuuza kuti, "Pukuta misozi, udonthezera nsalu za eni ake." Nthawi ino pakamwa anatsekadi.

Dzulo ndinapita kukawagulira tikiti. Pobwera ndinapeza chitseko chili chotsegula, m'chipinda mukutuluka fungo la ayironi. Anayala bulangete pabedi langa, akusita malaya anga a ku ofesi ndi dzanja lamanzere, lamanja ataliika m'thumba. Anayi anali atapachika kale pa msomali. Ndinati, "Achimwene, siyani, dokotala anati mupume."

Anayankha osatembenuka. "Dokotala ananena za lamanja. Iwe umapita m'mwamba muja ndi kolala yokwinyika ngati wagona m'basi, anthu n'kumati mkulu wake amagwira ntchito yosamala nsalu. Bwera kuno uone. Umayamba kolala, kenako mapewa, thupi pomaliza. Ndikachoka palibe wokuchitira."

Ndinaima pambali pawo n'kumaonerera. Atamaliza anandipatsa ayironi kuti ndiyese. Ndinapsereza kansonga ka mkono wa malaya. Anati, "Kalaliki weniweni," n'kundimenya kambama kakang'ono kumbuyo kwa mutu. Dzina limenelo ndinali ndisanalimve kuyambira tsiku lija. Ndinatuluka panja ngati ndikukataya madzi, kuti asaone nkhope yanga.

Zoti andikhululukira sananene, ndipo sindikuganiza kuti adzanena. Usiku anandipatsa botolo la mankhwala n'kutembenuza msana kuti ndiwapake.

Kalatayi ifika ndi basi ya mawa, iwo abwera ndi ya sabata yamawa, ifika Loweruka masana. Achimwene awauza okha alamu anga pa foni. Koma amayi, achimwene akuti akawauza pamaso, inu musayambe. Chimene ndikukupemphani ndi ichi. Mukawachingamire pa siteji. Ali ndi chikwama chimodzi chachikulu, ndipo ndikuwadziwa, akafuna kuchinyamula okha ndi dzanja lamanja kuti anthu asaone kanthu. Musakawalande, akakwiya. Mukangoti mukufuna mumve ngati mwamuna wanu wakutumizirani zolemera, n'kuchisenza musanamve yankho. Kanyerere akawathamangira kuti amunyamule m'mwamba monga kale. Musakamuletse, ndipo musakatchule phewa. Mukamuuze kuti wakula, masiku ano abambo aakulu amanyamula ana atakhala pansi, ndipo mukawapezere pokhala msanga.

Ndine wanu, lero ndi mawa,
Bambo a Kanyerere